Nkhalamba Yolozera Njira ya kwa Chinjoka

3 Febuluwale, chaka cha 19 cha Mfumu

Achimwene,

Landirani moni. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija ndi denga la kukhitchini, zomwe zikupikisana kuti chiyambe kugwa ndi chiti. Kaya inu kulikuluko, bwana wamkulu wa mu Ofesi ya Misewu, amene zaka khumi ndi chimodzi mwalephera kupeza msewu wobwerera kwanu.

Wafikanso wina mwa osochera aja. Lachiwiri m'mawa ndikuwazira nkhuku chakudya, tchire la kuseri kwa khola linangoti khwasa khwasa, munthu tulukiru, milomo itang'ambika ndi ludzu, nsapato zitayasama. Ndinamukhazika pansi, ndinamupatsa madzi, analira pang'ono, n'kugona mpaka Lachinayi. Ameneyu ndi wa 43. Mayina awo ndi ataliatali, otopetsa pakamwa, ndiye timangowaitana manambala monga anafikira. Tsiku loyamba onse amalumbira kuti mawa apitiriza ulendo. Tsiku lachitatu amafunsa kochapira malaya. Ukatha mwezi mumangomva kuti afunsira mwana wa eniake. Alamu anu a Seveni anabweranso chonchi, lero ndi awa akuwotcherera mapoto pakhonde, ndipo akaona mphemvu amaitana ine. A Naini amaphika buledi, a Twente amazula mano. Sindikudandaula, tauni yakula, koma khola langa laphwasulidwa mokwanira. Inu ndinu a misewu, titumizireni chikwangwani tizike kuseriko, cholembedwa kuti njira yathera pano.

Tsopano za mwana wanu. Wakwanitsa zaka makumi awiri, ndipo mutakumana naye pamsewu mukhoza kumupatsa moni wa mlendo. Mwezi watha pamsika panabwera wolengeza wa Mfumu ndi lipenga lake, kudzawerenga zomwe amawerenga chaka ndi chaka: kuti chinjoka cha m'phiri chija, chamapiko, cholavula moto, chikadalipo, ndipo pakufunika ngwazi ina yokachipha. Anthu anapitiriza kugula anyezi. Mwana wanu yekha ndi amene anaima kukamwa yasa mpaka kumapeto. Chiyambire tsikulo akumadzuka m'mamawa kukatema mtengo wa kuseri ndi lupanga. Musandifunse komwe walitenga.

Mumutumizire nsapato, phazi lake lafanana ndi langa, ndipo mumulembere mawu awiri okha omuletsa. Ine ndalankhula mpaka mawu asasa.

Ndine mchemwali wanu,
amene munamusiyira mwana “kwa miyezi itatu yokha”.

28 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza ndili wotanganidwa kwambiri, koma ndaba kanthawi. Ndili bwino, kungoti kachifuwa kakundivuta chifukwa cha mphepo ya mu ofesi. Mawindo ake ndi aakulu kwabasi, mukudziwa maofesi a akuluakulu.

Nkhani ya chikwangwani ndaimva ndipo ndaipereka ku komiti yoyenera. Komitiyo ikudikira komiti ina yoona za misomali. Osochera anuwo muziwalandira bwino, koma musamanditopetse nawo m'makalata, ine ndili ndi za dziko pamutu. Mwezi uno andipatsanso satifiketi ya wantchito wodalirika, yachitatu. Akuti mwa anthu onse amene ndawathandiza palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzadandaula.

Za mwanayo zandidetsa nkhawa. Muuzeni kuti bambo ake akuti ayi. Ine kuno ndimaona zambiri, ndipo ngwazi ndimazidziwa kuposa wa lipengayo. Zimanyamuka zitapesa, zina zikuimba, zina zikufunsa ngati chisoti chakhala bwino poti Mlembi wa Mbiri alemba za izo m'Buku lake. Aphunzire kusoka, kapena azithandiza alamu pa mapoto. Sindinamvepo kuti wowotcherera mapoto wadyedwa ndi chinjoka.

Nsapato nditumiza ndikapeza mpata wopita kusitolo. Pepalali likanunkha guluu musadabwe, ndi womatira maenvelopu a boma. Kubwera kwanga kukhale chaka chamawa, ntchito ilibe wondigwirirako.

Ndine mchimwene wanu.

2 Meyi

Achimwene,

Za moni tisiye. Mwana wapita.

Kalata yanu ndinamuwerengera yonse, ndi za misomali zomwe. Anamvetsera, anafunsa ngati nsapato zabwera, ndinati ayi, iye anangogwedeza mutu. Loweruka wakwera bwato la makalata, lupanga atalikulunga m'nsalu yanga yofiira ya patebulo. Woyendetsa bwato akuti anamuuza kuti akupita kwa bambo ake kulikulu, akamulembetse ku Ofesi ya Ngwazi popeza iwo ndi munthu wodziwika kumeneko.

Mukukumbukira kachipsera ka paphewa pake, kamene anapsa ndi ketulo ali ndi zaka zinayi? Wina wamuuza kuti kakufanana ndi chizindikiro cha Wosankhidwa chotchulidwa mu ulosi. Ndafufuza, ndi a Twente ozula mano aja. Ndinapita kukacheza nawo, panopa tsaya latupa, akudzipangira okha mankhwala.

A Seveni atha masiku atatu osagwira poto. Akungoti, “Mayi, mwana ameneyu sasochera. Ndi wanzeru kuposa ife tonse, akafika.” Mawu amenewa akundiopsa kuposa china chilichonse, ndipo chifukwa chake sindingachilembe papepala.

Akafika pa ofesi yanu mutsekereni m'chipinda chimodzi mwa zipinda zambirimbiri za m'nyumba mwanu zija. Mayi ake pomwalira anagwira dzanja langa, osati lanu, ndiye apa sindikupempha, ndikulamula. Ubwana wanuwo ugwire ntchito kamodzi kokha.

Mchemwali wanu.

10 Juni

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, kulikonse komwe muli. Ine ndili kulikulu, sabata yachinayi tsopano. Ndikugona m'kachipinda ka pamwamba pa khola la akavalo, pamodzi ndi amayi awiri ochapa zovala.

Ofesi ya Misewu ndinaipeza tsiku loyamba. Mawindo ake ndi aang'ono. Ndinatchula dzina lanu pakhomo, mlonda anaitana kalaliki, kalaliki anaitana wosesa amene wagwira pamenepo zaka makumi atatu, ndipo onse anandiyang'ana ngati ndikugulitsa mankhwala a nsikidzi. Wa positi yekha ndi amene anati dzinalo amalidziwa, makalata anu amawaponya m'thumba la ogwira ntchito kutchire. Kutchire kuti, akuti ndi chinsinsi cha boma. Sindikudziwa chifukwa chake munatinamiza. Ndinalira pamasitepe, kenako ndinachita manyazi, ndinapita kukaima pamzere.

Ku Ofesi ya Ngwazi mzere si wautali, ndinali ndekha, koma zinanditengerabe masabata atatu. Pazenera loyamba amayeza chipsera ndi rula. Pa lachiwiri amafunsa ngati makolo ako ndi osauka mokwanira, chifukwa Buku la Mbiri limakonda ngwazi yochokera m'mavuto. Nditanena kuti mayi anamwalira ndipo bambo asowa, kalaliki anasangalala mpaka anaitana mnzake kuti adzamve. Pa lachitatu amafuna kalata ya mlosi, mlosiyo anali patchuthi. Wabwera dzana, anandiyang'ana akutafuna, n'kunena kuti ndine Wosankhidwa. Wosesa wa kumeneko akuti ngwazi imene inanyamuka ine ndisanabwere anaiuzanso chomwecho.

Pabwalo pali ziboliboli za ngwazi zomwe chinjoka chinadya. Chimodzi chili ndi mphuno ya munthu amene ndimamudziwa, koma zimenezo azakhali anandiletsa kunena.

Ndinapempha mapu. Akuti mapu sapereka, pamphambano pali nkhalamba yanzeru imene imaloza njira, ndiye atapereka mapu nkhalambayo izigwira ntchito yanji. Ndinyamuka pakati pa Seputembala, Mlembi akamaliza kulemba za ubwana wanga. Wandipatsa kale mbuzi zomwe sindinawetepo.

Sindikupempha chilolezo. Ndatopa kukhala mwana uja amene anasiyidwa kwa azakhali ake. Ndikufuna dzina langa lilembedwe penapake pomwe inu mungaliwerenge.

Mwana wanu.

19 Julayi

Achemwali,

Kalata yanu ndi ya mwana zafika m'thumba limodzi, ndipo ndaziwerenga nditakhala pamwala. Mpando ndilibe. Ofesi ndilibe. Nyumba ya zipinda zambiri ija ndi kanyumba ka chipinda chimodzi, muli bedi la matabwa, poto mmodzi ndi msomali wopachikapo ndevu.

Nkhalamba yanzeru ya pamphambano ndine.

Nditafika kulikulu zaka zija, ntchito ya misewu inali itapita kwa mphwake wa winawake. Kalaliki wina anandimva ndikutsokomola pamzere, anati chifuwa chotere n'chimene akhala akufuna. Anandipatsa mkanjo wakuda wa chipewa chake, ndodo, ndevu zoyera zomata ndi guluu, n'kundikweza ngolo masiku atatu mpaka pano pomwe msewu wochokera kulikulu umagawika pawiri. Ndinali ndi zaka 34 zokha. Ntchito yake ndi iyi: ngwazi ikafika ndituluke pang'onopang'ono, nditsokomole kawiri, ndiloze njira ya kumanja n'kunena kuti, “Njira ndi iyi, koma palibe amene anabwerako.” Kuwonjezera mawu ena ndi mlandu. M'Buku la Mbiri ndimapezeka mzere umodzi pa ngwazi iliyonse, popanda dzina: pamphambano panali nkhalamba.

Ndipo zoonadi palibe amene anabwerako, achemwali. Ndikalozera munthu njira ndimadikira miyezi itatu, kenako ndimaika mwala kuseri kwa kanyumbaka. Miyala ilipo 43. Ndimaithira madzi kuti isachite fumbi, chifukwa chake sindikuchidziwa. Ndimawakumbukira onse. Wachisanu ndi chiwiri anali wamphuno yaikulu, analumpha ataona buluzi pamwala wanga, n'kundichonderera kuti ndisauze Mlembi. Munthu woteroyo ndinamutumiza kwa chinjoka ndi dzanja langali. Masatifiketi aja ndi a zimenezi. N'chifukwa chake sindibwera. Ndingakhale bwanji patebulo ndi mwana wanga, n'kumupatsira mchere ndi dzanja lomwelo?

Mwina mukudabwa kuti ntchito yoloza njira anaipereka bwanji kwa ine, amene ndili mwana munkandituma kumanja ine n'kulowera kumanzere. Ulusi wofiira umene mayi anandimanga padzanja kuti ndizidziwa kumanja ndikadali nawo. Wopereka mayunifomu anafuna kuudula tsiku loyamba, akuti ukuoneka padzanja lolozera ndipo ukuchotsa mantha. Ndinamuchonderera mpaka anangousamutsa n'kuubisa m'kati mwa mkono wa mkanjo. Ndikafuna kuloza ndimausuzumira kaye, ndipo sindinaphonyepo.

Tsopano mwana wanga akubwera pano mu Seputembala. Ndikathawa aikapo wina amene adzaloza osaphethira. Ndikamuuza kuti ndine bambo ake, angamvere munthu amene wamunamiza zaka khumi ndi chimodzi? Ndikuopa, achemwali. Ndiuzeni chochita, inu simusowa chonena.

Mchimwene wanu, wopanda ubwana.

14 Ogasiti

Achimwene, chitsiru cha mayi anga,

Khalani kaye pamwala wanuwo musanawerenge.

Kalata yanu ndinaiwerenga mokweza pakhonde. Nditafika pa buluzi, a Seveni anagwetsa poto. Nditafika pa ulusi anaimirira, anati nkhalamba ija akuikumbukira bwino, ndevu zinali zitamatuka mbali imodzi, ndipo isanaloze inasuzumira m'mkono wa kumanzere. Kumanzere, achimwene. Munthu wa mayunifomu uja anausamutsira dzanja linalo, inu n'kuiwala. Ndinaitanitsa onse, anadzaza bwalo ndi akazi awo ndi ana, ndinawafunsa mmodzimmodzi. Onse kumanzere.

Njira yanuyo imazungulira nkhalango masiku asanu ndi anayi n'kudzathera kuseri kwa khola langa la nkhuku. Osochera anga aja ndi ngwazi zanu. Za malupanga awo sindinkalemba, chifukwa ngwazi yobwerera chimanjamanja imatsekeredwa, ndipo inu tinkakuyesani bwana wa boma. Aliyense wa iwo ankaganiza kuti anaphonya yekha njira m'nkhalango, ndipo mwa manyazi sankafunsana. Ine ndinalemba 43 mu Febuluwale, inu mwalemba 43 mu Julayi, m'mutu mwanumo osagunda kanthu.

Miyala yanu yonse ili moyo, kupatula a Leveni amene anatsamwidwa ndi fupa la nkhuku paukwati wa a Sate, ndipo pamenepo inu mulibe mlandu. Ana awo ndasiya kuwerenga, akupitirira makumi asanu ndi anayi. Wamphuno uja ndi mlamu wanu. Akuti zikomo kwambiri, koma za buluzi mukanazisiya.

Ndinaseka mpaka bondo linapweteka, kenako ndinalowa kuchipinda n'kulira, poganiza za inu mukuthirira miyala zaka zonsezi muli nokhanokha. Mukanangonena zoona chaka choyamba chomwe.

Ndiye chochita n'chosavuta, ngakhale inu mukhoza: musachite kalikonse. Ulusi ukhale pomwe ulipo. Mwana akafika tsokomolani kawiri, suzumirani, lozani monga mwa masiku onse. Ine ndizimudikira kukhola. Nkhani imeneyi musauze munthu, makamaka a ku Ofesi.

Mchemwali wanu.

20 Seputembala

Achemwali, komanso inu a ku Ofesi amene mumatsegula makalata a antchito, moni nonse.

Kalata yanu yafika, koma osati m'thumba. Yabwera m'manja mwa Woyendera Ntchito, yotsegula kale, mzere womaliza uja atauzunguliza ndi inki yofiira. Anabwera ndi Mlembi wa Mbiri ndi asilikali awiri. Anandilola kuiwerenga kamodzi. Nditamaliza ndinapita kuseri, ndinakhala pakati pa miyala ija n'kulira ngati mwana, mpaka asilikali anayang'ana kumbali.

Woyendera anapita kukaona njira ya kumanja. Udzu wake ndi wofika m'khosi, pakati pamera mtengo wamthunzi ndithu. Ine ndinkaiyesa njira yakale yosiyidwa. Za alamu ndi anzawo musaope. Mlembi akuti anthu amenewo anafa kale m'Buku, mogwira mtima, nyimbo zinaimbidwa, ziboliboli zinaimikidwa, ndipo Buku silibwerera m'mbuyo. Kalata yanu aidinda kuti ndi yabodza. Chofunika akuti n'choti kuyambira pano ntchito iziyenda bwino. Woyendera anamasula yekha ulusi uja n'kuumanga kudzanja lamanja, mfundo ziwiri. Anati ndikaloza bwino za m'mbuyo aiwala, ndipo satifiketi yachinayi ilipo. Ndikaphonya, kwa chinjokako ndipita ineyo.

Mwana wafika dzulo masana. Malamulo amati nkhalamba izioneka yokha, ndiye anayi onsewo anadzipanikiza m'kanyumba, akusuzumira pa mng'alu wa chitseko.

Achemwali, mwamulera bwino. Amayenda ngati mayi ake, phewa limodzi patsogolo. Nsapato wavala ndi zanu zakale zija, zamalamba, ndinazizindikira akali patali. Ndinatuluka, ndinatsokomola kawiri, kachitatu kanabwera kokha. Iye anatsitsa thumba, ananyema buledi wake pakati n'kundipatsa, anati chifuwa chimenecho chikufuna uchi. Kenako anandifunsa kuti, “Agogo, inu mumaona anthu ambiri. Simunaonepo bambo wina wogwira ntchito kutchire kuno? Akuti ndinatengera makutu awo.” Makutu anga anali m'chipewa. Mawu ololedwa ndili nawo asanu ndi awiri okha.

Ndinasuzumira ulusi monga ndinazolowera. Unali pomwe Woyendera anaumanga. Chibadwire, aka kanali koyamba kudziwa bwinobwino kuti kumanja ndi uku, kumanzere ndi uku. Ndinakweza dzanja lopanda ulusi.

Anathokoza, n'kumapita osacheuka. M'kanyumba munamveka chipwirikiti, koma malamulo omwewo amati ngwazi ikalozeredwa njira siitanidwanso, ndipo Mlembi anali atalemba kale kuti yalowera kwa chinjoka molimba mtima. Akuti inki inali itauma.

Mlandu sunachedwe. Andilanda ndevu, ndodo, mkanjo, ndi ulusi womwe, akuti ndi umboni. Mawa m'mawa iwo akwera ngolo kubwerera kulikulu, ine ndilowera kumanja, kwa chinjoka. Wondiperekeza palibe, asilikali akuti udzuwo uli ndi nkhupakupa. Ndiyesetsa kukumbukira dzanja lake.

Akafika kukholako mupatseni madzi kaye musanayambe kulalata. Buledi uja sindinadye, ndasunga m'thumba. Mumuuze kuti makutuwo ndi anga ndithu.

Mchimwene wanu.

26 Okutobala, yolowetsa pansi pa chitseko

Bambo,

Ndikulemba kalata ngakhale muli chipinda chachiwiri kuchokera pano, chifukwa ndinalumbira pagulu kuti sindidzakulankhulaninso, ndipo sindikufuna a Twente andiseke.

Mukudziwa momwe zimawawira? Munthu kuyenda masiku asanu ndi anayi, kunola lupanga tsiku ndi tsiku, kukonza mawu omaliza oti Mlembi adzalembe. Kenako kumva fungo loipa, kuyesa mpweya wa chinjoka, kusolola lupanga, kudumpha chitsamba, n'kupezeka pakhola la azakhali, iwo ataima ndi kapu ya madzi, amalume 42 atandandalika pampanda akuomba m'manja. Ine ndinkaganiza kuti iwowo anasochera chifukwa cha uchitsiru wawo. Panopa tauni yonse ikunditcha Fote-folo, ana akundifunsa ngati tambala ndinamugonjetsa. Patapita masiku awiri munatulukira inu, opanda ndevu, ndipo ndinakuzindikirani ndi chifuwa. Mukuuza anthu kuti munasokonezeka chifukwa anakulandani ulusi. Zaka khumi ndi chimodzi mukuyang'anizana ndi njira ziwiri zomwezo, bambo. Pa mabodza anu onse, limeneli lokha ndalikonda.

Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunathe. Munandibera ulendo wanga. Mwina ndikanachipha chinjokacho, simukudziwa. Woyendetsa bwato akuti kulikulu andiimikira kale chiboliboli, cha tsitsi lofika m'chiuno, mbuzi pambali.

Kalata yanu yotsanzika ija yafika dzulo, inu mutatha pafupifupi mwezi mukudya kuno. Azakhali atayamba kuiwerenga mokweza patebulo munathawira kuchipinda supuni ili m'manja, ndipo mpaka pano simunatuluke. Atafika pa nsapato azakhali anandikankhira pepalalo, anamaliza ndine. Kenako anandipatsa makalata enawo. Ya miyala ija ndaiwerenga kawiri.

Mlembi analemba za ine masamba makumi atatu, mbuzi zokhazokha. Inu munalemba ndime imodzi, ndipo munaona kuti ndimayenda ngati mayi. Palibe amene anandiuzapo zimenezo.

Buledi uja tayani, wachita nkhungu, azakhali akuti akununkhitsa nyumba. Uchi uli pawindo la kukhitchini, supuni imodzi m'mawa, ina madzulo.

Mu envelopumu muli ulusi. Ndausolola ku nsalu ya patebulo ija, azakhali asadziwe. Musamange nokha, timakudziwani. Tulukani nthawi ya chakudya, mukhale pafupi ndi ine, mundipatsire mchere. Ndikumangani ndekha osalankhula, kudzanja lamanzere.

Ndine mwana wanu,
wamakutu uja.